Nyundo ya Kachigunda

Kalekale, anthu asanaone mfuti kapena khasu la m'sitolo, kunali mudzi pansi pa phiri la Chiswamphika. Mudziwo unabisika bwino, chifukwa kumbuyo kwake kunali phirilo, kutsogolo kwake nkhalango ya minga imene ngakhale galu ankaiganizira kawiri asanalowemo. M'mudzimo munali wosula zitsulo dzina lake Kachigunda, munthu wa mapewa otambalala, wosayankhulayankhula, wa khutu limodzi logontha ndi phokoso la nyundo.

Ng'anjo ya Kachigunda inkayaka kamodzi pa chaka, m'chilimwe, makala atawotchedwa ndi miyala ya chitsulo itatutidwa kuchokera kuphiri. Ntchito yonseyo, ya amuna ambiri ndi miyezi iwiri, inkabala chitsulo chokwana makasu makumi asanu ndi limodzi basi. Mwambo wa makolo unali woti wogwira nyundo yaikulu ndiye yekha wonena chimene chitsulocho chikhale, kaya makasu, kaya nkhwangwa, kaya mikondo. Nyundoyo sinkagwiridwa ndi anthu awiri, ndipo chitsulo cha chaka chimodzi sichinkamva mawu awiri. Chilichonse chotuluka m'chipala chake Kachigunda ankachidinda timizere titatu pafupi ndi msuka, kuti aliyense adziwe mwini ntchito.

Nyundo imatsata mimba ya mlongo, choncho oyembekezera kuilandira anali ana atatu a mlongo wake. Wamkulu anali Dzimbiri, wamtima wapachala, amene ali mwana ankamenyana ndi atonde. Wachiwiri anali Kamzimbi, wokonda nthaka kuposa anthu, munthu woti ukamupatsa moni amayamba wayang'ana mitambo. Wotsiriza anali Sankhulani, wa pakamwa pa uchi ndi mapazi osakhazikika. Onse atatu anaphunzira kupopa mvukuto pa mawondo a atsibweni awo, ndipo onse ankasula bwino.

Chaka china kunatulukira mayi kuchokera m'nkhalango, thupi lonse minga yokhayokha, khutu limodzi litadulidwa. Anafotokoza kuti kutsidya kwa mtsinje waukulu kwabuka achifwamba otentha midzi, opha amuna ndi kumanga akazi ndi ana m'magoli. Iye yekha ndiye anapulumuka pa mudzi wa nyumba makumi anayi. Ng'anjo inali itangozizira kumene, chitsulo chili mbwee pabwalo la chipala.

Dzimbiri anati chonsecho chisulidwe mikondo, poti nkhanga zinapangana kusanapse. Kamzimbi anati mkondo sulima, ndipo msilikali wa njala amagwetsedwa ndi mphepo. Sankhulani anawaseka onse awiri. Anati mudzi wopanda abwenzi uli ngati mtengo wa pawokha m'dambo, mphezi siuphonya, ndiye chitsulocho chipite kunja chikagule mchere ndi ubwenzi.

Apa ndi pamene Kachigunda analakwa, ndipo ine sindimubisira. Munthu amene sankaopa moto anaopa nkhope ya mlongo wake. Poti asakhumudwitse mwana aliyense, anatenga chitsulo nachigawa patatu, chinthu chimene makolo ake sanachitepo. Akuluakulu anang'ung'udza kuti atambala awiri salira m'khola limodzi, nanga atatu. Iye anatembenuzira kwa iwo khutu logontha lija. Anagawa choncho chaka chimenecho, ndi chotsatira, ndi chachitatu.

Dzimbiri anasula mikondo ndi mivi. Mkondo umafuna dzanja, ndiye anachotsa anyamata makumi atatu m'minda nawaika pa mpata wa phiri, kumene ankaphunzira kubaya migogo ya nthochi ndi kuunjika miyala ya linga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Minda ya amayi awo inamera nsongole. Anyamatawo ankadya ngati dzombe, ndipo chakudya chawo chinkatapidwa m'nkhokwe za eni ake popanda kupempha. Chitsulo chitamuchepera, Dzimbiri anayamba kulanda makasu akale m'makomo. Mkulu wina wotsimphina anakakamira khasu lake, ndipo anyamata anamuthyola zala zitatu ndi chibonga, mkazi wake akuonerera. Mvula ya chaka chachiwiri itafika pakati, nyumba zolandidwa makasu zinagona ndi njala, ndipo ana awiri anaikidwa m'manda mwezi umodzi. Komanso mkondo ukakhalitsa osalawa magazi umayabwa m'manja. Anyamata ena anawoloka mtsinje waukulu kukaba mbuzi, nabaya mbusa wake pamimba n'kumusiya akukwawa.

Kamzimbi anasula makasu, akuluakulu olemera bwino. Anatsika ndi mabanja khumi ndi awiri kukatsegula dambo la kunsi kwa mudzi, kutali ndi phiri, kumene nthaka inali yakuda bii. Mapira anabereka mpaka mapesi kuwerama, mawere ndi maungu osanena. Nkhokwe zinamera ngati bowa, zazitali zoonekera patali. Ana a m'dambo ananenepa masaya, akazi anayamba kuumba miphika yogulitsa poti mimba zinali zokhuta, ndipo maukwati anachuluka. Kamzimbi sanali chitsiru. Chaka chilichonse ankasenzetsa anthu mitanga ya mapira kupita nayo kuphanga la pamwamba pa phiri, n'kumata mapirawo m'mitsuko ndi phulusa. Koma Dzimbiri atamupempha amuna khumi oti amange linga kuzungulira dambolo, anakana kwamtuwagalu. Anati manja khumi pa miyala ndi nkhokwe zisanu zotayika. Pakati pa otsikira kudambo panali Nachanza, mwana wamkazi mmodzi yekha wa Kachigunda, ndi mwamuna wake, amene pambuyo pake anabereka khanda kumeneko.

Sankhulani anasula nkhwangwa, mipeni ndi timakasu topepuka tonyamulika. Anatema njira kupyola nkhalango ya minga ija, yotakata moti anthu awiri osenza akatundu ankapambana osakhudzana. Anayenda masiku asanu mpaka kwa anthu a kuchigwa cha mchere, amene ankalima ndi mitengo yosongola poti kwawo kunalibe miyala ya chitsulo. Anabwerako ndi mchere, nsalu, mikanda ndi mbewu ya mtedza imene mudzi unali usanaionepo. Anapalana ubwenzi wa magazi ndi mtsogoleri wa kumeneko, nakwatirako mkazi. Pa mphambano ya njira yake panabadwa msika, ndipo anthu a Chiswamphika amene kale ankadya ndiwo za chidulo anayamba kunyada. Pamsika sipafunsidwa kuti wogula ndi mwana wa yani. Aliyense wobwera ndi mbuzi ankapita ndi nkhwangwa, ndipo ena mwa ogulawo anali anthu achilendo oyang'anayang'ana kwambiri, ofunsa kuti mapira ochuluka chotere amalimidwa kuti.

Walira mvula walira matope. Chaka chachitatu, nthawi yokolola, dzuwa lili paliwombo, Kachigunda anatsikira kudambo kukapereka khasu latsopano kwa mkamwini wake. Anapeza Nachanza akudula ngala za mapira, khanda lili kumsana. Anali asanamalize ndi moni womwe pamene mbalame zinabuka m'nkhalango zonse pamodzi. Achifwamba anatulukira pa njira ya Sankhulani, awiriawiri, osakandika ndi munga ndi umodzi womwe. Analunjika pa nkhokwe zazitali za Kamzimbi ngati anthu odziwa kwawo. Patsogolo pawo panali munthu wofuula dzina la mbusa uja anaphedwa ndi anyamata a Dzimbiri, poti anali mng'ono wake.

Kudambo kunalibe linga, kunalibe mkondo. Amuna anamenya nkhondo ndi makasu ndi mipeni yodulira mapira, ndipo anagwa ngati mapesi. Mkamwini wa Kachigunda anaswa mutu wa wachifwamba mmodzi ndi khasu latsopano lija, kenako mikondo itatu inamulowa nthawi imodzi. Nkhokwe zinayatsidwa anthu atabisalamo, ndipo kulira kwawo kunamveka mpaka kumudzi. Nachanza anamasula khanda naliponya m'manja mwa bambo ake, nawakankha kuti athawe. Pomwepo mkondo unamubaya pamsana n'kutulukira pachifuwa. Kachigunda anafungatira khanda ndi dzanja lamanzere, lamanja nkulikweza kuti atchinge nkhwangwa imene inkatsikira pamutu pa mwanayo. Nkhwangwayo inadula dzanja pa mfundo, nikakamira m'chipika cha nkhokwe. Ali chigwadire m'magazi ake, Kachigunda anaona pa nkhwangwapo timizere titatu. Anaidziwa. Anaisula yekha chilimwe chapitacho pothandiza Sankhulani, ndipo anakumbukira kuti inatuluka bwino kuposa zinzake.

Wachifwambayo akulimbana ndi kuzula nkhwangwa, muvi unamulasa pakhosi. Anali Dzimbiri ndi anyamata ake, atathamanga kuchokera kumpata. Anyamata aja odya za eni, othyola zala za okalamba, tsiku limenelo anaima phewa ndi phewa pakati pa achifwamba ndi anthu othawa. Dzimbiri anamanga mkono wa atsibweni ake ndi chingwe cha uta, nawaponya paphewa pamodzi ndi khanda, nabwerera chambuyo akumenya. Pofika pa linga la pa mpata anyamata khumi ndi mmodzi anali atatsala m'njira, ndipo Dzimbiri mwini anali ndi diso limodzi, linalo likuchucha pa tsaya. Achifwamba anakankha lingalo katatu tsiku lomwelo, nabwerera katatu, kusiya mitembo yawo itaunjikana pa miyala. Popanda mikondo ija ndi linga lija, dzuwa likanalowa pa Chiswamphika popanda wotsala woti alire maliro.

Achifwamba ataona kuti mpata wakanika, anakhala pansi. Anazinga phiri, natentha mudzi, naswa ng'anjo ndi chipala, nadikira kuti njala iwagwirire ntchito. Anaphika mapira a kudambo poyera kuti fungo likwere. Apa Kamzimbi, amene anali ndi bala la mkondo pantchafu ndiponso atataya mkazi wake kudambo, anatsogolera anthu kuphanga nayamba kumatula mitsuko. Anagawa yekha ndi chikho chimodzi, wankhondo zikho ziwiri, mayi woyamwitsa ziwiri, ena onse chimodzi, iye mwini theka. Munthu wina atagwidwa akuba m'mtsuko, Kamzimbi wofatsa uja anamuthyola mkono ndi mpini, ndipo sipanapezekenso wakuba. Phala la mapira amenewo ndilo linatsitsa malungo a Kachigunda pamene chitsa cha mkono wake chinatupa atachiwotcha ndi mpeni wamoto, ndipo ndilo linasunga khanda la Nachanza. Masiku makumi anayi anthu anadya. Popanda mitsuko ija, anyamata a Dzimbiri akanagwetsa mikondo tsiku lachisanu.

Koma mtsuko uli ndi pansi pake. Chakudya chitayamba kuonetsa kutha, Sankhulani anadzipaka magazi ndi matope, nadzigwetsa kunja kwa linga pamodzi ndi mitembo imene ankaitaya kuphompho. Anagona pakati pa akufa tsiku lonse, ntchentche zikulowa m'mphuno, miimba ikumudumphira pamsana. Wachifwamba wina woyendera mitembo anamubaya pa mwendo kuti aone ngati wafadi, ndipo Sankhulani wolongolola uja sanatulutse ndi mpweya womwe. Mvula ya mphepo itawathamangitsira alonda m'misasa, anakwawa nalowa m'nkhalango. Anayenda ndi mwendo wowola mpaka kuchigwa cha mchere. Kumeneko sanapemphe chifundo. Anangowafunsa kuti ng'anjo ya Chiswamphika ikazima mpaka kalekale, adzabwerera kolima ndi mitengo kodi. Anthu a mchere, amene minda yawo inali itakula kanayi chifukwa cha makasu aja, anatola mauta amuna mazana awiri. Anawagwera achifwamba kumbuyo dzuwa likutuluka, Dzimbiri natsika ndi otsala ake kutsogolo. Mtsinje wa kudambo unayenda wofiira masiku awiri. Tsiku limenelo m'phanga munali mutatsala mtsuko umodzi ndi theka.

Achifwamba sanathe onse. Mtsogoleri wawo anawoloka mtsinje waukulu ndi anthu okwanira, ndipo ali tsidya anafuula kuti adzabweranso mapira akadzacha.

Anthu anatsika kuphiri kukapeza phulusa. Mwa anthu atatu alionse, mmodzi anali atafa kapena kutengedwa. Makasu ambiri anapita ndi achifwamba, mikondo yambiri inathyoka, ndipo katundu wa msika anapsa. Otsalawo anaumba kang'anjo kamodzi mothamanga, Kachigunda akulozera ndi chitsa cha mkono wake. Makala anali ochepa, manja ochepa, ndipo chitsulo chimene chinatuluka chinali chokwana makasu khumi ndi asanu okha. Kugawa patatu kachitsulo kotere kukanangopatsa aliyense zoseweretsa. Mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kale kusonkhana.

Nyundo yaikulu inapezeka m'phulusa la chipala, mpini utapsa, mutu uli bwinobwino. Kachigunda anaiika mpini watsopano ndi thandizo la mano ndi mawondo, nayesa kuikweza ndi dzanja lamanzere. Inamugwa. Anayesanso, inagwanso. Munthu wamkuluyo analira pamaso pa anthu, kulira kwenikweni kwa mamina, ndipo palibe anamuseka. Anadziwa kuti nthawi yopereka nyundo yakwana, ndipo ulendo uno kwa munthu mmodzi monga mwa mwambo. Anaitana ana a mlongo wake atatu, wa diso limodzi, wotsimphina ntchafu ndi wokoka mwendo, nakhala pansi mdzukulu wake wamasiye ali pamiyendo.

Dzimbiri ndiye anayamba. "Atsibweni, ndinakunyamulani paphewa ili. Mwamva nokha kuti abweranso. Mukapanga makasu, mukulimira iwowo. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo anthu a mchere sadzabwera chaka chilichonse."

Kachigunda anamuyang'ana m'diso lotsalalo namufunsa za mbusa wa kutsidya, ndi za ana awiri aja anafa ndi njala mdani asanaoneke. Dzimbiri anangoti nkhondo ikanabwerabe, mbusa kapena wopanda mbusa.

Kamzimbi anayankhula maso ali pansi. "Atsibweni, m'phanga mulibe kanthu. Tikapanda kulima mvula ino, achifwamba sadzavutika n'kutipha, adzapeza mafupa. Mkondo wa achimwene unaima masiku makumi anayi chifukwa unkadya mapira anga. Mwana ali pamiyendo panuyo sangayamwe muvi."

Kachigunda anamukumbutsa za amuna khumi aja anawakaniza kumanga linga, ndi kuti mayi wa mwanayo wagona kudambo lopanda mpanda. Kamzimbi anati mkazi wakenso wagona komweko, ndipo amuna khumiwo ndiwo analima mapira a m'mitsuko yomaliza.

Sankhulani sanaseke monga mwa masiku onse. "Atsibweni, mikondo khumi ndi isanu siimitsa gulu lija, ndipo makasu khumi ndi asanu sadyetsa mudzi uno mapira asanache. Anthu a mchere ataya ana awo makumi awiri chifukwa cha ife. Ndikapita ndi chitsulochi, ndibwera ndi mbewu, chakudya ndi mauta awo. Ndikapita chimanjamanja, ubwenzi watha."

Kachigunda anangokweza chitsa cha mkono wake, nachisiya m'mwamba mpaka Sankhulani anayang'ana kumbali. Patapita nthawi mnyamatayo anati nkhwangwa imene inadula dzanjalo ndi imodzi, koma makasu amene anabweretsa mauta mazana awiri anatuluka pa msika womwewo.

Anthu anagawikana pomwepo. Amasiye a anyamata a pa mpata anaima kumbuyo kwa Dzimbiri, amayi a ana aang'ono kumbuyo kwa Kamzimbi, ndipo ambiri mwa amene anaona mauta a anthu a mchere akutuluka m'nkhalango anaima ndi Sankhulani. Mkulu uja wothyoledwa zala anakhala pakati yekha. Anati amene anamuthyola zala ndi yemwe anamukokera m'linga, ndiye asamufunse.

Kachigunda anayang'ana nyundo imene inali patsogolo pake. Mtima wake unali wowawa ndi onse atatu, ndiponso unali wothokoza onse atatu, ndipo koposa zonse unkadzida wokha chifukwa cha tsiku lija anagawa chitsulo poopa nkhope ya mlongo wake. Aliyense wa iwo anapulumutsa moyo wa Kachigunda ndi wa mwana ali pamiyendoyo. Aliyense wa iwo anali ndi gawo pa imfa ya Nachanza: wina anaputa mdani, wina anamukopa ndi nkhokwe zopanda mpanda, wina anamutsegulira njira n'kumugulitsa nkhwangwa. Kumwamba kunagunda, dontho loyamba linagwa pa mutu wa nyundo, ndipo mwana anayamba kulira njala.

Apa ine ndatula, poti mlandu uwu wandikulira. Chitsulo ndi chimodzi, sichigawika, mvula yafika, ndipo mdani walonjeza kubwera mapira akacha. Inu mukanakhala Kachigunda, ndi dzanja limodzi ndi mwana wamasiye pamiyendo, nyundo mukanaiika m'manja mwa yani: Dzimbiri wa mikondo, Kamzimbi wa makasu, kapena Sankhulani wa msika?